Wofunda Kapena Wozizira? Mmene Msonkho, Nkhondo ndi Makina Zinaumbira Sake wa ku Japan

Munthu akaitanitsa sake m'malo odyera a ku Japan, nthawi zambiri amayamba wafunsidwa kuti akufuna wofunda kapena wozizira. Alendo ambiri amangoti kakasi, poganiza kuti pali yankho limodzi lolondola limene makolo a dzikolo anakhazikitsa kalekale. Ena amene anamvako pang'ono za mowawu amayankha motsimikiza kuti sake wabwino amamwedwa wozizira, ndipo amene amatenthetsedwa ndi wotchipa, amangofuna kubisa kuipa kwake. Ine sindigwirizana nawo, ndipo zifukwa zanga zili m'mbiri ya mowawu.

Mfundo yanga ndi yakuti mitundu ya sake imene ilipo lero, pamodzi ndi kamwedwe kake, sinabwere tsiku limodzi. Uliwonse unabadwa poyankha vuto la nthawi yake: mowa wosasa msanga, ulendo wautali wa panyanja, boma lofuna msonkho, nkhondo imene inadya mpunga, makina atsopano, kenako firiji. Sake wonunkhira ngati zipatso, amene anthu amamwa wozizira, anayamba kufala m'masitolo cha m'ma 1980, pomwe kumwa wofunda kunalipo zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Amene wadziwa chimene chinabala mtundu uliwonse safunika kuloweza malamulo. Amaona yekha kuti botolo ili lilowe m'madzi otentha, ilo lipite m'firiji.

Mwina wina akufunsa kuti ife ophunzira tikuvutikiranji ndi mowa wa kutali chotere. Ena mwa ife tidzapita ku Japan pa maphunziro kapena pa ntchito, ndipo tsiku lina pulofesa kapena bwana adzatitsanulira m'kakapu. Koma ngakhale kwa amene sadzalawako, kaya chifukwa cha chipembedzo kaya kusafuna chabe, nkhaniyi imaonetsa mmene chinthu chotchedwa mwambo chimapangidwira, ndiponso amene amapindula nacho.

Mpunga, madzi ndi chuku

Dzinali limatchulidwa monga mmene wolankhula Chichewa angaliwerengere, sa-ke. M'Chijapanizi limatanthauza mowa wa mtundu uliwonse. Mowa wa mpunga umene tikukambawu eni ake amautcha nihonshu, ndipo malamulo a msonkho amautcha seishu, kutanthauza mowa woyera, wosefedwa. Si kachasu, chifukwa satcheza koma amafulula. Ukali wake nthawi zambiri umakhala 15 kapena 16 peresenti, kuposa vinyo pang'ono, komanso pafupifupi katatu kuposa mowa wamba wa m'botolo.

Aliyense amene anaonapo amayi akukonza thobwa kapena masese amadziwa vuto la mowa wa mbewu. Yisiti sadya sitachi, amadya shuga, choncho pamafunika china choyamba kusandutsa sitachiyo kukhala shuga. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya chimera. Koma mpunga wokonola sumera, ndiye ku Japan ntchitoyi imagwiridwa ndi chuku. Amaphika mpunga ndi nthunzi, n'kuwazapo mbewu ya chuku chotchedwa koji, chimene asayansi amati Aspergillus oryzae, kenako n'kuusunga m'chipinda chofunda kwa masiku awiri. Mpunga wa koji, mpunga wina wophika ndi madzi amazithira m'thanki momwe muli kale yisiti, osati kamodzi koma maulendo atatu pa masiku anayi. M'thankimo koji amaswa sitachi pomwe yisiti akudya shugayo nthawi yomweyo, kwa milungu itatu mpaka isanu. N'chifukwa chake ukali umatha kufika 20 peresenti popanda kutcheza.

Zolemba za m'zaka za m'ma 700 zimatchula njira ziwiri. Ina inali yotafuna mpunga n'kulavulira mu mtsuko kuti malovu aswe sitachi. Inayo inali ya mpunga wochita chuku, imene buku lofotokoza za chigawo cha Harima limaikamba. Njira ya chukuyi ndi imene inapambana.

Kunyumba yachifumu ndi kwa amonke

Buku la malamulo lotchedwa Engishiki, limene linamalizidwa mu 927, limafotokoza ofesi ya kunyumba ya mfumu yaikulu imene ntchito yake inali kufulula sake wa miyambo ndi wa pa maphwando. Pa nthawiyo mowawu unali wa milungu ndi wa akuluakulu. Mpaka lero sake woperekedwa nsembe m'tiakachisi ta Shinto amatchedwa omiki, ndipo pa ukwati wa mwambo mkwati ndi mkwatibwi amamwerana m'timakapu titatu, mwambo wotchedwa san-san-kudo.

Luso lenileni linakulira m'makachisi a Chibuda. M'zaka za m'ma 1400 amonke a ku Shoryakuji, pafupi ndi mzinda wa Nara, ankaviika mpunga wosaphika m'madzi mpaka madziwo atasasa, kenako n'kugwiritsa ntchito madzi osasawo poyambitsa yisiti. Asidi wa m'madziwo ankapha tizilombo toononga mowa, yisiti n'kukula mwamtendere. Njirayi imatchedwa bodaimoto. Ku Nara komweko anayambanso kukonola mpunga wonse, wa koji ndi wothira m'thanki womwe, ndipo mowa wake, wotchedwa morohaku, unatchuka chifukwa cha kuyera ndi kukoma. Buku la zochitika za tsiku ndi tsiku limene amonke a ku Tamon-in ankalemba limasonyeza kuti pofika m'ma 1560 ankatenthetsa sake kuti asaonongeke m'nyengo yotentha. Apa n'kuti kudakali zaka 300 kuti Louis Pasteur wa ku France afotokoze chifukwa chimene kutentha kumatetezera vinyo. Ntchito imeneyi, yotchedwa hi-ire, ikuchitikabe: sake wambiri amamutenthetsa kawiri kufika madigiri 60 kapena 65 asanagulitsidwe.

Mowa unali kale malonda a ndalama zambiri. Kaundula wa m'chaka cha 1425 anapeza ofulula 342 mu Kyoto ndi madera oyandikana nawo. Gulu lina lomwe linkatetezedwa ndi kachisi wa Kitano linali ndi chilolezo chokhala lokha logulitsa koji, ndipo mkangano wa chilolezocho unafika pa nkhondo mu 1444, kachisiyo n'kupsa. Kuchokera apo ofulula anayamba kudzipangira okha koji.

Nanga za kutenthetsa pomwa? Wansembe wa Chijezuwiti wa ku Portugal, Luís Fróis, polemba mu 1585 za kusiyana kwa anthu a ku Ulaya ndi a ku Japan, anaona kuti kwawo vinyo amamuziziritsa, pomwe a ku Japan amamwa mowa wawo wofunda pafupifupi chaka chonse. Tizikumbukira zimenezi tikamamva kuti sake wofunda ndi chinyengo cha ogulitsa.

Migolo, zombo ndi alimi a m'nyengo yachisanu

M'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, unakula mpaka kukhala ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Sake amene anthuwo ankamukonda ankachokera kumadzulo, choyamba ku Itami ndi Ikeda, kenako ku Nada, m'mbali mwa nyanja pakati pa Kobe ndi Nishinomiya. Kuyambira 1730 panali zombo zapadera zonyamula migolo ya sake, zotchedwa taru-kaisen. Migoloyo inali ya mtengo wa sugi, wonunkhira ngati mkungudza, ndipo mowa unkafika ku Edo utatenga fungo la thabwa. Lero pali mtundu wotchedwa taruzake umene amausunga dala mu mgolo kuti ununkhire choncho. Chimene kale chinali chosapeweka lero chasanduka mtundu wapadera.

Mpunga pa nthawiyo unali msonkho komanso malipiro a asamurai, choncho boma silinkalola kuti uzingothera ku mowa. Mu 1673 linalamula kuti kufulula kuzichitika m'nyengo yachisanu yokha. Lamuloli linagwirizana ndi zinthu ziwiri: kuzizira kumachepetsa tizilombo toononga mowa, ndipo m'nyengoyo alimi analibe ntchito kumunda. Ankachoka kumidzi m'magulu n'kukakhala miyezi ingapo kwa mwini fakitale, motsogozedwa ndi katswiri wotchedwa toji. Magulu a Tamba, Nanbu ndi Echigo ndi otchuka mpaka pano. Nyengo za sake zinachokeranso apa. Wongofinya kumene, shiboritate, amapezeka m'chisanu, pomwe hiyaoroshi, amene wagona m'nkhokwe chilimwe chonse, amatuluka kutentha kukamatha.

Yisiti ankamuyambitsa m'njira yotchedwa kimoto. Antchito ankasinja mpunga ndi mitengo m'mabeseni a matabwa usiku wozizira, akuimba nyimbo kuti mikono iyendere limodzi, kenako n'kudikira pafupifupi mwezi kuti asidi apangike yekha. Mowa wotuluka m'njirayi umakhala wolemera m'kamwa, wowawasa pang'ono. Mu 1840 Yamamura Tazaemon anazindikira kuti madzi a zitsime zina za ku Nishinomiya ndiwo ankakometsa mowa wake. Madziwo, otchedwa miyamizu, ali ndi michere imene yisiti amaikonda, ndipo alibe chitsulo chambiri, chimene chimaononga mtundu ndi kukoma kwa sake. Anthu anayamba kutcha mowa wamphamvu wa ku Nada kuti wachimuna, ndipo wofewa wa ku Fushimi, m'dera la Kyoto, kuti wachikazi.

Sake wotere, wolemera komanso wonunkhira thabwa, amakoma akafunda, ndipo anthu a mu Edo ankamumwa choncho. Ena ankamwera pa sitolo yogulitsira pomwepo, ndipo kumeneko ndiko kunachokera liwu lakuti izakaya, malo amene lero anthu a ku Japan amakacheza akaweruka ku ntchito. Miyezo ya nthawiyo nayonso idakalipo. Kabokosi ka thabwa koyezera mpunga, masu, kamalowa mamililita 180, ndipo n'chifukwa chake mabotolo a sake amakhala a mamililita 720, omwe ndi masu anayi, kapena malita 1.8, omwe ndi masu khumi.

Boma litapeza mgodi m'mowa

Boma latsopano la Meiji, limene linayamba mu 1868, linkafuna ndalama zomangira njanji, masukulu ndi gulu lankhondo. Linamenyana ndi China mu 1894 ndi 1895, kenako ndi Russia mu 1904 ndi 1905. Pofika 1899 msonkho wa mowa unaposa wa malo n'kukhala waukulu kuposa misonkho yonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a misonkho ya boma. M'chaka chomwecho boma linaletsa kufulula mowa pakhomo.

Mowa umene unaletsedwawo ndi doburoku, wosasefa, wa phalaphala, umene tingaufanizire ndi masese. Alimi ankadzifululira ndi mpunga wolima okha, koma mowa wa pakhomo sulipira msonkho. Patapita zaka zambiri Maeda Toshihiko anafulula poyera kuti atsutse lamuloli, koma mu 1989 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera boma. Mpaka lero n'kulakwa kupanga chakumwa choposa 1 peresenti popanda laisensi, ngakhale kuti kuyambira 2003 madera ena apadera amalola alimi okhala ndi nyumba zogona alendo kufulula doburoku. Sake woyera ngati mkaka amene amagulitsidwa m'botolo, nigori, ndi mwana wa lamulo lomweli. Mu 1964 kampani ya Masuda Tokubee ya ku Fushimi inapeza njira yosefera pa sefa ya mabowo aakulu, kotero kuti mowa ukhale wosefedwa pamaso pa lamulo koma tizidutswa ta mpunga tikhalemobe.

Msonkho unaphanso mtundu wina. Sake wosungidwa zaka zingapo ankalemekezedwa kale, koma boma la Meiji linkadula msonkho mowa ukangofinyidwa, usanagulitsidwe n'komwe. Ndani akanasunga zaka zitatu katundu amene walipirira kale? Dongosololi linasintha m'ma 1940, ndipo koshu, sake wokalamba wa mtundu wagolide kapena wofiirira, anayamba kubwerera pang'onopang'ono.

Popeza mowa woonongeka unali msonkho wotayika, mu 1904 unduna wa zachuma unakhazikitsa malo ofufuzira za kufulula ku Tokyo. Mu 1909 Kagi Kin'ichiro anaonetsa kuti kusinja ndi mitengo kuja kungasiyidwe, ndipo njira yake imatchedwa yamahai. Mu 1910 Eda Kamajiro anabweretsa sokujo, njira yongothira asidi wokonzeratu, imene imatenga milungu iwiri m'malo mwa mwezi. Sake wambiri wa lero amapangidwa ndi sokujo, ndipo amakhala wopepuka m'kamwa. Mukaona mawu akuti kimoto kapena yamahai pa botolo, dziwani kuti wofululayo wasankha dala njira yaitali.

Mu 1911 unayamba mpikisano wa dziko lonse wa sake watsopano, ndipo mpikisanowu ndi umene unalera ginjo. Ofulula ofuna ulemu ankakonola mpunga kwambiri n'kuwiritsa mowa pang'onopang'ono pa kuzizira kwa madigiri 10 kapena kucheperapo, chifukwa yisiti akavutika ndi kuzizira amatulutsa fungo la maapulo ndi nthochi. Zida zinathandiza: makina okonolera oimirira amene kampani ya Satake ya ku Hiroshima inatulutsa cha m'ma 1930, mathanki achitsulo amene analowa m'malo mwa matabwa, mpunga wa Yamada Nishiki umene unapatsidwa dzinali mu 1936 ku Hyogo, ndi mitundu ya yisiti yosankhidwa, monga nambala 7 wochokera ku fakitale ya Masumi mu 1946. Koma kwa zaka zambiri ginjo anali wa oweruza mpikisano, osati wa m'sitolo.

Nkhondo ndi mbiri yoipa ya sake wotentha

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inachititsa kuti mpunga uzigawidwa mopimira. Ogulitsa ankasungunula sake ndi madzi kwambiri mpaka anthu anamupatsa dzina lachipongwe lakuti kingyo-zake, kutanthauza mowa umene tinsomba tofiira toweta tingasambiremo. Boma linalola kuthira mowa wotchezedwa, ndipo mu 1949 linavomereza sanzoshu: amathira mowa wotchezedwa wambiri, shuga ndi asidi, kotero kuti mpunga womwewo uzitulutsa mowa wochuluka katatu. Njala itatha, makampani sanasiye njirayi chifukwa inali ya phindu. Mibadwo iwiri inakula ikudziwa sake ngati chakumwa chotsekemera monyanya, chomata m'kamwa, chobwera pa tebulo chikutentha ngati tiyi, chosiya matsire oopsa. Mbiri yoipa ya sake wofunda inayambira pamenepa. Vuto silinali kutenthetsa, linali mowa umene unkatenthetsedwawo. Lamulo la mu 2006 ndi limene linaletsa kuti sanzoshu azitchedwa seishu.

Panalinso magiredi a boma: apamwamba, oyamba ndi achiwiri. Wofulula ankapereka mowa wake kuti uyesedwe, ndipo giredi yapamwamba inkabwera ndi msonkho wokwera. Mowa wosaperekedwa kukayesedwa unkangoikidwa m'giredi yachiwiri, ukome usakome. Mu 1977 kampani ya Ichinokura ya ku Miyagi inagulitsa sake wabwino itamulemba poyera kuti ndi wosayesedwa, pofuna kuonetsa kuti giredi imanena za msonkho osati za kukoma. Pa nthawiyi n'kuti malonda atayamba kale kutsika. Anafika pachimake mu 1973, pa malita pafupifupi 1.7 biliyoni, ndipo lero safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwerengerocho.

Ukaipa dziwa nyimbo. Mafakitale ang'onoang'ono a m'zigawo, amene sakanapikisana ndi aakulu pa mtengo, anayamba kupikisana pa kukoma. Tamanohikari wa ku Kyoto anabwezeretsa sake wa mpunga wokhawokha mu 1964. Kikusui wa ku Niigata anaika sake wosatenthetsa m'chitini mu 1972. Dewazakura wa ku Yamagata anatulutsa ginjo wa mtengo wofikirika mu 1980. Pa nthawiyi mafiriji anali atalowa m'nyumba ndi m'masitolo, ndipo fungo losachedwa kuthawa lija linkatha kufika kwa wogula lili lonse. Kumwa sake wozizira kunafala kuyambira pamenepo. Magiredi aja anathetsedwa mu 1992, ndipo mayina amene tikuona pa mabotolo lero anakhazikitsidwa ndi boma mu 1990.

Kuwerenga botolo

Mayina apaderawa alipo asanu ndi atatu, koma amayankha mafunso awiri okha. Loyamba: kodi athiramo mowa wotchezedwa? Ngati sanathire, dzina limakhala ndi liwu lakuti junmai, kutanthauza mpunga wokhawokha. Lachiwiri: kodi mpunga anaukonola mpaka pati? Nambala imene imalembedwa pa botolo, seimaibuai, imanena za gawo la njere limene latsala. Ikakhala 60, ndiye kuti magawo 40 pa 100 apita ku madeya. Kunja kwa njere kuli mafuta ndi mapuloteni amene amalemeretsa mowa, pomwe pakati pali sitachi. Honjozo ndi wa 70 kapena kutsika, ginjo wa 60, daiginjo wa 50, ndipo pali junmai ginjo ndi junmai daiginjo pa miyezo yomweyo. Mayina awiri otsalawo ali ndi liwu lakuti tokubetsu, kutanthauza kuti pali china chapadera pa kapangidwe. Junmai wamba alibe malire a kakonoledwe kuyambira 2004. Sake wopanda dzina lililonse mwa awa ndi futsushu, wa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi amene amamwedwa kwambiri.

Tisanyoze mowa wothira uja. M'mayina apaderawa lamulo limalola wochepa chabe, wosaposa 10 peresenti ya kulemera kwa mpunga, ndipo cholinga chake ndi kutulutsa fungo ndi kupeputsa mowa. Ofulula a m'nthawi ya Edo nawonso ankathirako pang'ono kuti sake asaonongeke. Komanso nambala yotsika sitanthauza kukoma kuposa, imangotanthauza mtengo wokwera ndi mowa wopepuka.

Mawu ena ofunika ndi awa. Nama ndi wosatenthetsedwa n'komwe, ndipo ayenera kukhala m'firiji nthawi zonse. Genshu ndi wosasungunulidwa ndi madzi, wa ukali wa 17 mpaka 20 peresenti. Nambala ya nihonshudo ikakhala ndi chizindikiro chophatikiza, mowawo si wotsekemera kwenikweni, ndipo ikakhala ndi chochotsera, ndi wotsekemera.

Kamwedwe

Tsopano funso lija likuyankhika lokha. Ginjo ndi daiginjo anabadwira fungo, ndipo kutentha kumathamangitsa fungo, choncho amamwedwa ozizira, pa madigiri 10 mpaka 15. Akazizira mopitirira, fungo limabisala. Tambula ya vinyo imawayenera chifukwa imasonkhanitsira fungo ku mphuno. Nama ndi nigori nawonso ndi a m'firiji, ndipo botolo la nigori mulipendeketse mofatsa kuti zokhala pansi zisakanikirane, koma ngati ali wa thovu musaligwedeze. Junmai, makamaka kimoto ndi yamahai, ndi zidzukulu za mowa wa mu Edo: akafika madigiri 40 mpaka 45 kuwawasa kwawo kumafewa, kukoma kwa mpunga n'kutuluka. Honjozo ndi futsushu amapirira mpaka madigiri 50. Koshu amakoma osatenthetsa kapena wongofunda pang'ono.

Chijapanizi chili ndi mayina okongola a milingo imeneyi. Madigiri 5 ndi yukibie, kuzizira kwa chipale. Madigiri 10 ndi hanabie, kuzizira kwa m'nyengo ya maluwa. Madigiri 35 ndi hitohada-kan, kufunda kwa khungu la munthu, 40 ndi nuru-kan, 50 ndi atsu-kan. Pali msampha umodzi. Liwu lakuti hiya limamveka ngati wozizira, koma linayamba mafiriji kulibe, ndipo limatanthauza mowa wosatenthetsa, wongokhala monga ulili. Wa m'firiji ndi reishu. Safunsa anadya phula, choncho funsani woperekera zakudya.

Kufunditsa n'kosavuta. Thirani sake m'kabotolo kadothi ka khosi lopapatiza kotchedwa tokkuri. Wiritsani madzi m'poto, muphule, kenako muimike kabotoloko m'madzimo mpaka m'khosi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Musaike sake pamoto mwachindunji, ndipo asawire. Timakapu take, ochoko, ndi tating'ono, choncho mowa umatha usanazizire, ndipo anthu amatsanulirana pafupipafupi. Kapu yokulirapo ndi guinomi, ndipo kambale kosazama ka pa miyambo ndi sakazuki. M'malo ena amaika tambula m'kati mwa masu n'kuthira mpaka kusefukira, kusonyeza kuti mwini malo si woumira.

Ulemu wake ndi wakuti pa gulu sudzithirira wekha. Umayang'anira kapu ya mnzako, iyenso n'kuyang'anira yako. Pothirira wamkulu gwirani tokkuri ndi manja awiri, ndipo iye akamakuthirirani, nyamulani kapu yanu, dzanja lina likuchirikiza pansi, n'kulawako musanaiike pa tebulo. Ife amene tinakula tikulandira chinthu kwa akulu ndi manja awiri sitivutika nazo izi. Palibe amene amamwa onse asananene kuti kanpai. Ngati mwakwana, siyani kapu ili yodzaza, chifukwa yopanda kanthu imaitana ina. Muzimwa madzi pambali, amene eni ake amawatcha yawaragi-mizu, popeza sake amatsika mofewa koma ukali wake si wamasewera. Dziwaninso kuti ku Japan lamulo limalola kumwa kuyambira zaka 20.

Pa zakudya, sake amagwirizana ndi nsomba kuposa vinyo wambiri chifukwa sautsa fungo la nsomba m'kamwa. Ginjo wozizira amayenda ndi zakudya zopepuka monga nsomba yoyera ndi ndiwo zamasamba. Junmai wofunda amafuna zowotcha, zamchere ndi zamafuta. Botolo lisungidwe pamalo ozizira ndi amdima, ndipo likatsegulidwa lilowe m'firiji n'kutha pasanapite sabata imodzi kapena ziwiri.

Mwambo ndi wa ndani?

Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linaika luso lofulula ndi koji pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ulemu umenewu ndi woyenera, koma tione chimene chinalemekezedwa: nzeru za toji ndi antchito ake, osati lamulo lakuti mowa uzimwedwa pa madigiri akutiakuti. Nzeruzo zinapulumuka chifukwa zinkasintha. Amonke anawonjezapo zawo, amalonda a ku Nada zawo, asayansi a boma zawo, ndipo mafakitale ang'onoang'ono amene anatsala pang'ono kutsekedwa anabweretsa ginjo pa msika.

Mtima wanga uli kwa mlimi wa mu 1899, amene anauzidwa kuti mowa wa agogo ake ndi mlandu chifukwa boma linkafuna zombo zankhondo. Sake amene dziko likumutamanda lero ndi amene ankalipira msonkho, choncho anapatsidwa malo ofufuzira, mpikisano ndi mayina a pa botolo. Doburoku anapatsidwa apolisi. Amene tikuphunzira za malamulo, zachuma kapena sayansi ya zakudya tidzakhala tsiku lina m'maofesi amene amasankha luso loti lithandizidwe ndi loti lisiyidwe lizifa lokha, ndipo luso la amayi odziwa chimera lidzakhala pa tebulo lomwelo. Tikadzafika pamenepo, tidzakumbukire kuti a ku Japan analemba njira za ofulula awo, anayeza madzi awo, anasunga yisiti wawo, ndipo n'chifukwa chake lero wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu angadziwe kuti yamahai amakoma pa madigiri 45.